Maliro Obedwa ku Chilobwe

"Inu a Onesimo, ndinu mbava! Munaba maliro a bambo anga!"

Tionge anakuwa mawuwa akadali pakhomo, chikwama cha laputopu chili kumsana, fumbi la mumsewu wa Zingwangwa lili mbuu kumapazi. Anthu anayi amene anali mu situdiyo muja anatembenuka nthawi imodzi. A Onesimo anali atangonyamula kapu ya tiyi, ndipo kapuyo inaima m'malere, osafika pakamwa, osabwerera patebulo.

"Wati chiyani, mtsikana iwe?"

"Mwamva. Makutu anu ndi abwinobwino."

"Iii, koma ana a masiku ano," anatero a Olivia, akudzikakamiza kuseka. "Moni wake ndi ameneyu? Wadzuka bwanji kaye, Tionge?"

Tionge anadutsa pakati pawo, nakankhira mbale ya mandasi pambali, n'kuyamba kulumikiza laputopu yake ku sikirini yaikulu ya pakhoma. Chingwe chinakana kulowa kawiri konse.

Linali Loweruka m'mawa, ndipo anthu anayiwa anabwera kudzaona ntchito yake. Onse anali eni ake a filimu ija ya Ufumu wa Chikwanje, yomwe inatuluka mu 2007 n'kugwedeza Blantyre yense. Inali nkhani ya gulu la zigawenga lomwe linkalamulira madepoti a minibasi ndi misika kuyambira ku Ndirande mpaka ku Bangwe, ndi mtsogoleri wawo Chikwanje, amene anadzaphedwa ndi anyamata ake omwe. A Onesimo ndiwo anailemba n'kuitsogolera. Che Sulaiman, eni situdiyo, ndiwo anagwira kamera. A Ricky anasewera ngati wachiwiri wa Chikwanje, ndipo mpaka lero makondakitala amawapatsa mpando wakutsogolo. A Olivia anasewera ngati mkazi wa Chikwanje. Tsopano filimuyi inali itakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo a Onesimo anakonza zoti sabata yotsatira ikaonetsedwenso mu holo, anthu atavala masuti.

Vuto linali loti filimu imene anthu ankaidziwa inali yotopa. Inakopedwa kuchoka pa diski kupita pa diski, kuchoka m'mavidiyo sho kupita m'mafoni, mpaka nkhope za anthu zinasanduka phala. Ndiye anaitana Tionge, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zinayi amene anadziphunzitsa yekha kudula ndi kulumikiza mavidiyo a maukwati, kuti aitsuke. Lachinayi a Onesimo anamupatsa diski yoyambirira, yomwe inali isanakopedwepo ndi amalonda. Tionge anailandira ndi manja awiri. Filimuyi anakula nayo, ankaidziwa pamtima.

Lachisanu masana anafika pa gawo la maliro a Chikwanje. Kwa nthawi yoyamba nkhope za anthu olira aja zinaoneka bwinobwino, ndipo pakati pa nkhopezo panali ya mayi ake.

Mayi akewo anapita ndi matope a namondwe wa Freddy mu 2023, pamodzi ndi nyumba, ndi kabuku ka zithunzi komwe kankakhala pansi pa matiresi. Thupi lawo silinapezeke. Tionge analibe manda oti akayimepo, analibe ngakhale chithunzi chimodzi. Ndiye dzulo lakelo anawaona akuyenda, akupuma, masekondi khumi ndi imodzi. Anawerenga. Ndipo monga munthu wa ntchitoyi ankadziwa kuti masekondi khumi ndi imodzi amadulidwa kuchoka pa tepi yaitali. Kwinakwake kunali tepi ya tsiku lonse. Imeneyo ndiyo anabwerera.

"Yang'anani," anatero, n'kudina batani.

Pa sikirini panaoneka khamu la anthu likutsika phiri m'kanjira kamiyala, kwaya ikuimba. Bokosi linali pamapewa a amuna asanu ndi mmodzi, anayi mwa iwo atavala majekete achikopa ndi magalasi akuda. Patsogolo panali a Ricky, ali mnyamata, wowonda ngati nsungwi.

"Eee, taonani mmene ndinalili!" anatero a Ricky akudziomba pantchafu. "Mimba iyi inali isanandipeze. Koma mwana iwe uli ndi manja, zikungokhala ngati tajambula dzulo."

Tionge anaimitsa filimu. Anapita pakhoma n'kuika chala pa sikirini.

"Mayi awa a mpango wabuluu, amene agwiriziridwa ndi anzawo awiriwa. Mukuwadziwa?"

"Anthu ongodzazitsa malo," anatero a Onesimo. "Tinali nawo ambiri. Ndingawakumbukire onse ine?"

"Dzina lawo ndi a Bernadeta Alufandika. Ndi mayi anga. Kamwana aka kagwira chitenje chawoka, kovala diresi lachikasu lofika kumapazi, ndine. Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Njira iyi ndi ya kwathu ku Chilobwe. M'bokosi umu mulibe Chikwanje. Muli bambo anga, a Yakobe Alufandika, telala wa pakhonde pamsika, munthu amene sanabepo ngakhale singano."

Kunja woitanira minibasi ankakuwa kuti Limbe, Limbe, watsala mmodzi.

"A Onesimo," anatero a Olivia pang'onopang'ono, "akunena chiyani mwanayu? Paja ine munandiuza kuti m'bokosi muja munali njerwa?"

"Ayi, njerwa ayi," anatero a Ricky, nkhope itayamba kusintha. "Maliro anali enieni, zimenezo ndikudziwa, phewa ili ndi mboni. Koma a dayirekita anati ndi amalume awo. Anati akubanja avomera." Anatembenukira kwa a Onesimo. "Munatero, mani. Munati malume anuwo ankakonda mafilimu, asangalala kumene aliko."

A Onesimo anaika kapu ija pansi. Anali munthu wa ndevu za imvi ndi chipewa chomwe sankavula ngakhale m'nyumba, ndipo ankayankhula nthawi zonse ngati pali wina akuwajambula.

"Tiyeni tiyankhule ngati anthu aakulu," anatero. "Iwe Tionge, wabadwa dzana, wapeza zonse zili m'foni. Ife chaka chimenecho tinali ndi kamera imodzi ndi matepi owerengeka. Maliro a Chikwanje ankafuna anthu mazana atatu, kwaya, bokosi, manda okumbidwa. Ndikanazitenga kuti? Ndiye Che Sulaiman anandiuza kuti aitanidwa kukajambula maliro ku Chilobwe, nyumba ili pamwamba kumene lole sifika, bokosi litsika pamapewa. Pamaliro safunsa munthu kuti ndiwe yani. Mwamuna aliyense amafika n'kulandira bokosi, mnzake n'kupuma. Ndi mwambo wathu umenewo, sindinaupeke ine. Anyamata anga anafika, analandira. Analakwa chiyani? Ena amapita pamaliro kukangodya."

"Anavala magalasi akuda."

"Kunali dzuwa."

Tionge anafuna kutenga kapu ija n'kuiphwanyira pachipewa chija, koma anadzigwira, natembenukira kwa mkulu amene anakhala pakona chiyambire osatsegula pakamwa.

"Che Sulaiman. A kwaya ya bambo anga ndiwo anakuitanani, kuti mayi atsale ndi chikumbutso. Sabata itatha munakawauza chiyani mayi anga?"

Che Sulaiman anali wamfupi, wa kofia yoyera, munthu amene theka la maukwati a ku Zingwangwa ndi ku Soche linadutsa m'diso mwake. Anayang'ana pansi.

"Ndinati kamera yatafuna tepi."

"Inatafunadi?"

"Sinatafune."

"Ndiye ili kuti?"

Che Sulaiman anaponya maso kwa a Onesimo, n'kuwabwezanso pansi.

"Chabwino," anatero Tionge. "Sindinamalize. Anti Olivia, gawo ili ndi lanu."

Anadinanso batani. Khamu lija linachoka, pa sikirini panadzaza nkhope ya a Olivia, misozi ili chuchuchu, mpango wakuda kumutu. Ndipo kunamveka kulira kuja kumene Blantyre yense amakudziwa, kochokera pansi pa mimba, kokoka mawu ngati a kuchigwa cha Shire: "Mayo ine, mwandisiyira yani mwanayu? Mwandisiyira yani?"

Kulira kumeneku ndi kumene kunatchukitsa filimuyi kuposa mfuti ndi zikwanje zonse. Magetsi akazima, wina m'layini ya nyumba amakuwa kuti mwandisiyira yani. Timu ikagonja, anyamata amalira choncho pobwerera kunyumba. Chidakwa chikagwetsa botolo, chimagwada n'kulira choncho, anthu n'kumafa ndi kuseka.

"Mawu awa ndi anu, anti?"

"Ayi, zimenezo sindinabisepo kwa anzanga," anatero a Olivia mofulumira. "Ine anandijambula kuseri kwa situdiyo inoyi, atandipaka anyezi m'maso. Ndinalira ndithu, koma a dayirekita anati kulira kwanga n'kwa m'tauni, kulibe mchere. Ndiye anati apeza mayi wina wa masewero a pa wailesi kuti..." Anaima. Anayang'ana Tionge, anayang'ana sikirini, dzanja linapita lokha pakamwa. "Ayi. Ayi, a Onesimo, nenani kuti ayi."

"Mwana amene akunenedwayo ndine," anatero Tionge.

"Ambuye Yesu!" A Olivia anakhala pansi. "Mu nkhani munalibe mwana. Munachita kuwonjezera kuti mkazi wa Chikwanje ndi woyembekezera, tinajambulanso ndili ndi pilo m'mimba. Ndinkadabwa. Kani munkafuna zigwirizane ndi kulira kwa munthu? Ine zaka zonsezi pa maukwati amandipempha kuti ndilire pang'ono, anthu asangalale. Ndimalira! Amafupa!"

Tionge sanawamvere chisoni, analibe malo ake. M'mutu mwake munali tsiku lina ali mu Sitandade 5, akutsuka mbale pakhomo. Sopo anaterera n'kugwera m'matope, ndipo iye, pofuna kuseketsa mayi ake, anagwira kumutu n'kulira kuti mwandisiyira yani. Mayi akewo, amene sanamumenyepo chibadwire, anamuwomba khofi lomwe linamugwetsera pa beseni. Kenako analowa m'nyumba, osatulukanso mpaka dzuwa kupendeka. Tionge anakula akuganiza kuti mayi ake ankadana ndi mafilimu chifukwa cha tchalitchi. Atagula foni yake yoyamba n'kufuna kuwajambula, ankaphimba nkhope ndi chitenje. Pa Khirisimasi, pa chikondwerero cha amayi a mphakati wa kutchalitchi, paliponse, akangoona kamera ankatembenuka. Iye ankawaseka kuti ndi achimidzi. Ndi chifukwa chake lero analibe chithunzi chawo, mwana wojambula anthu ena tsiku ndi tsiku.

"Ankadziwa," anatero, mawu atatsika. "Mayi anga ankadziwa."

"Anabwera kuno," anatero Che Sulaiman.

"Che Sulaiman!" anakalipa a Onesimo.

"Ayi, bwana, ndakalamba. Ndikufuna ndizigona." Mkuluyo anavula kofia n'kuiika pabondo. "Filimu itangotuluka, mayi ako ankadutsa pamsika ku Chilobwe atasenza matemba awo ogulitsa. Anamva mawu awo akutuluka m'chisakasa cha vidiyo sho, ana akuseka m'katimo. Mawa lake anafika pano. Anakhala pabenchi ili panjalo kuyambira m'mawa mpaka ine kubwerako ku Swala ya masana. Sanakalipe. Sanatchule za polisi. Anangoti, bambo, ndipatseni tepi ya amuna anga."

"Ndiye?"

"Ndiye a Onesimo anatuluka n'kuwauza kuti amayi onse amalira mofanana."

Tionge anayang'ana a Onesimo nthawi yaitali. Ankafuna aone ngati pankhope ija pangaoneke kanthu, ngakhale kuphethira kokha. A Onesimo anakonza chipewa.

"Ndinali wachinyamata, mwina ndinayankhula mothamanga. Koma tiyeni tinene zoona. Bambo ako anali telala wa pakhonde. Akanaikidwa, anthu n'kuiwala sabata yomweyo. Lero maliro awo aonedwa ndi dziko lonse, mpaka ku Joni. Ndi angati a ku Chilobwe amene anaperekezedwa choncho? Ukamakula mu ntchito ino udzamvetsa kuti luso limafuna nsembe."

"Nsembe yake ya mayi anga? Bwanji simunaphe amalume anu enieniwo?"

"Iwe, samala pakamwa!"

"Koma mani, munatipusitsa," anatero a Ricky, akupukuta thukuta ndi chipewa chawo cha mpira. "Ine ndinaima pamanda a munthu wosamudziwa, ndinaponya dothi, ndinanena kuti gonani bigi, tauni ili m'manja mwathu. Adzukulu ankandiyang'ana ngati ndapenga. Ndimati ndi achibale anu, akudziwa. Ndiye ndi kubwereza kuja, Mulungu wanga, tinachita kutsika nalo kawiri bokosi la eni ake..."

"Ricky, khala chete."

Tionge anatembenuka pang'onopang'ono.

"Kawiri?"

A Ricky anayang'ana uku ndi uku, osadziwa chimene aponda. "Eya. Titangochoka pasiwa, tinatsika mwina mayadi makumi awiri. Ndiye kamera inali isanakonzeke, Che Sulaiman anali akusintha batire. A dayirekita anali ataima pamwala, anatipatsa sayini ndi dzanja kuti bwererani. Ife tinali anayi, eni ake awiri okha kumbuyo. Ndiye tinangolimba miyendo n'kuyamba kukankhira m'mbuyo. Awiri aja anayesa kulimbana nafe, koma anayi ndi anayi. Tinabwerera nalo mpaka pamene panali amayi, mpaka bokosi linakhudza..." Mawu anawathera. "Linakhudza mayi a mpango wabuluu aja. Kenako sayini inabwera, tinatsika bwinobwino. Anthu anakuwa, koma ine ndimati ndi kulira kwa pamaliro."

Tionge anagwira m'mphepete mwa tebulo.

Nkhani imeneyi ankaidziwa. Analeredwa nayo, inali ngati chipsera cha pamphumi. Ku Chilobwe aliyense wamkulu ankanena kuti maliro a Alufandika anakana kupita. Ankati bokosi linalemera mwadzidzidzi, linabwerera lokha chokwera phiri, onyamula akulephera kuligwira, mpaka linakagunda mkazi wake pachifuwa. Ndipo anthu amadziwa tanthauzo lake maliro akatero: wakufayo akuloza amene wamudya. Abale a bambo ake ochokera ku Nsanje sanadikire ndi kumeta komwe. Azakhali ake, a Fulansisika, analavula malovu pamapazi a mayi ake anthu akuona. Anatenga makina osokera, anatenga ndi mbale zomwe, n'kunena kuti mwana wa mfiti sakumufuna kwawo. Amayi ena a mphakati anasiya kugula matemba awo. Ana anzake a Tionge ankaletsedwa kudya kwawo. Ngakhale matope atawatenga mayi ake, Tionge anaimba foni ku Nsanje kupempha kuti abwere ku Misa ya chikumbutso, ndipo azakhali akewo anayankha kuti phiri labweza zimene bokosi linanena.

"Batire," anatero Tionge. Mawu anatuluka ngati a munthu wina. "Mayi anga anafa ali mfiti chifukwa cha batire."

"Mfiti?" anafunsa a Ricky. "Ndani anati mfiti?"

"Chilobwe yense! Nsanje yense! Bokosi linabwerera n'kukawagunda, inu mumati anthu aganiza chiyani? Munabadwira ku Ulaya inu? Simudziwa zimene anthu amanena maliro akabwerera?"

A Ricky, chigawenga choopsa cha mu Blantyre, munthu amene ana ankathawa akamuona pamsika, anagwira kumutu ndi manja onse awiri n'kutsetsereka pakhoma mpaka kukhala pansi pasimenti.

"Sitinakhale nawo mpaka kumapeto," ananong'ona. "Titangoponya dothi tinathamangira minibasi. Tinali ndi gawo lina lojambula ku Ndirande dzuwa lisanalowe, Che Sulaiman anati atipeza komweko. Mwanawe, ndikulumbira, sindinamvepo."

"Inu simunamve. Awa anamva." Tionge analoza Che Sulaiman. "Inu munatsala mpaka kumapeto, munali pantchito. Munaona azakhali anga akulavula."

"Ndinaona," anatero Che Sulaiman. "Ndinajambula."

"Ndipo simunanene kanthu."

"Ndikananena, anthu aja akanatiphwanya ndi miyala pomwepo. Ndinati ndidzanena mawa. Mawa lake ndinati sabata yamawa. Kenako filimu inatchuka." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Kamera ndinayatsa bokosi lili m'kati mobwerera. Zonse zilimo. A Onesimo akuoneka ali pamwala, dzanja lili m'mwamba. Akumveka akunena kuti bwererani, bwererani, sitinayambe. Ndi chifukwa chake tepi ija sinakhale kuno. Tsiku limene mayi ako anabwera, madzulo ake bwanawa anaitenga."

Kwa Tionge tepi ija sinali nkhope ya mayi ake yokha tsopano. Inali chinthu choti akwere nacho basi mpaka ku Nsanje, akachiike pamaso pa azakhali ake ndi mudzi wonse, aone okha dzanja limene linabweza bokosi.

"Ndipatseni," anatero.

A Onesimo anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mwana iwe. Matepi tinkajambulapo kawiri, katatu. Mwina pamenepo pali ukwati wa munthu wina."

"Bodza," anatero Che Sulaiman. "Ndinatseka kaloko kake ndi dzanja langa kuti isajambulidwenso. Ndinalembapo Alufandika ndi bolopeni yofiira. Ndipo inu simutaya kanthu, bwana. Muli ndi mapepala a filimuyi onse, mpaka jekete la Chikwanje."

"Ndasamuka kanayi ine. Ndirande, Chilomoni, Machinjiri uko kawiri. Zinthu zimasowa."

"Diski iyi sinasowe," anatero Tionge.

Anaizula pa laputopu n'kuikweza m'mwamba. Inali kabokosi kakuda kokwana m'dzanja, ndipo munali Ufumu wa Chikwanje wonse, woyera, umene dziko linali lisanauonepo. Pansi panali simenti.

"Tionge, mwanangu, dikira," anatero a Olivia.

"Mundipatsa tepi, kapena filimu yanuyi ithera pompano. Mukaonetsa phala lija mu holo mwanumo."

A Onesimo sanadzuke n'komwe. Anapinda miyendo, namuyang'ana m'maso.

"Phwanya," anatero. "Mayi akowo ali momwemo. Wakopera pa laputopu? Sunakopere, ndinakuletsa, ndipo ndiwe mwana womvera. Phwanya, tione amene alire."

Zinali zoona. Anamuuza kuti agwirire ntchito pa diski pomwepo, kuopa akuba mafilimu, ndipo iye anamvera chifukwa ankawalemekeza. Dzulo, m'mutu mutasokonekera, sanaganizeko zokopera. Dzanja lake linakhala m'mwamba. Masekondi khumi ndi imodzi. Mpango wabuluu, kamwana ka diresi lachikasu. Anatsitsa dzanja pang'onopang'ono, n'kuika diski ija m'thumba la buluku lake, natseka zipi.

"Imeneyo ndi katundu wanga," anatero a Onesimo.

"Bwerani mudzaitenge."

A Onesimo anadzuka, nakonza jekete. "Ine sindingakhale pano kumatukwanidwa ndi mwana amene ndamupatsa ntchito ndekha. Mawa mitima ikazizira tidzakambirana. Holo talipira kale, mapositala ali m'tauni monse. Olivia, Ricky, musaiwale kuti popanda ine palibe akanakudziwani. Ricky, iwe ukanakhala ukugulitsabe malamba pa Ginnery Corner."

Analunjika kukhomo. Koma a Olivia anali atafika kale pamenepo. Anaima pakati pa chitseko, thupi lonse, manja m'chiuno, misozi ikutsika popanda anyezi.

"Ine mu holo mwanumo sindikapondamo," anatero. "Ndipo inu simutuluka muno musanamuyankhe mwanayu."

"Olivia, choka apo."

"Ndikankheni. Mwakankhapo bokosi la munthu, ine ndine ndani?"

A Ricky anadzuka pasimenti paja n'kukaima pambali pa a Olivia. Che Sulaiman anavalanso kofia yawo.

"Ine ndipita nawe ku Nsanje, mwanawe," anatero. "Tepi ipezeke, isapezeke. Ndikanena ndi pakamwa panga."

"Sakakukhulupirirani," anatero Tionge osawayang'ana. "Akati ndakugulani. Anthu aja anaona bokosi likubwerera ndi maso awo, zaka zonsezi akhala akufotokozerana. Pakamwa pa munthu mmodzi sipangafafanize zimenezo. Akufunika aone dzanja lija."

Anayenda mpaka kuima pamaso pa a Onesimo, pafupi moti ankamva fungo la tiyi m'kamwa mwawo. Anali wamfupi kwa iwo, anachita kukweza mutu. Kwa nthawi yoyamba maso a mkuluyo anathawa, anapita pa sikirini yopanda kanthu, anapita pawindo.

"Ukufuna undiphetse," anatero motsitsa mawu. "Ukudziwa zimene anthu a ku Chilobwe angandichite akaona tepi imeneyo?"

"Ndiye kuti ilipo."

"Sindinatero."

"Mwatero. Munthu saopa chinthu chimene chinasowa." Mawu a Tionge anayamba kukwera, ndipo sanawaletse. "Mayi anga anakhala pabenchi panjapo m'mawa wonse, anakupemphani mwaulemu, munawabweza. Ine si mayi anga. Ine ulemu ndilibe, munaudya kale. Ndikufunsani kamodzi, anthu awa akumva. Tepi yolembedwa Alufandika ili kuti? Ili ku Machinjiri? Ili m'sutukesi? Tikwere minibasi limodzi pompano, kapena ndipite ku Chilobwe ndikawatenge eni maliro adzakufunseni okha? Musayang'ane pawindo, a Onesimo, kulibe kamera kumeneko. Yang'anani ine. Mayi anga mwawasunga kuti? Yankhani!"